Madokotala Saombeza Ula

Amayi anzanga, pali matenda ena amene timawanena poyera, ndipo abale amabwera kudzatizonda atanyamula nthochi ndi thobwa. Palinso ena amene timawapinda bwinobwino n'kuwaika pansi pa sutikesi pamodzi ndi nsanza, kuti ngakhale bambo a m'nyumba asawaone. Matenda a chikhodzodzo ali m'gulu lachiwirili. Mayi amene mkodzo umamthawa asanafike kuchimbudzi sadandaulira munthu. Amangoyamba kukhala kumbuyo pafupi ndi khomo pa misonkhano, amaleka kumwa tiyi kwa eni, amakana maulendo aatali a pabasi, ndipo pa maliro amapeza chifukwa chobwererera kwawo dzuwa likamapendeka, pamene anzake akuyala mphasa pasiwa. Anthu amati wayamba kunyada. Ine ndinakhala wonyada wa mtundu umenewu kwa zaka 8.

Ndikulemba nkhaniyi ndili ku England, kumene ndinabwera m'chaka cha 2004 kudzagwira ntchito yosamalira nkhalamba. Chithandizo chimene ndinalandira kuno n'chokwera mtengo kwambiri ndipo chimapezeka makamaka m'maiko olemera, kotero sindinabwere kudzakukhumbizani. Chimene chandikhazika pansi ndi cholembera ndi funso limene ndinafunsa madokotala kambirimbiri, funso limene mayi aliyense amafunsa asanalole kuti mpeni ukhudze thupi lake: kodi zimenezi zidzandithandiza ineyo? Munthu angayese kuti anthu okhala ndi makina oona m'kati mwa thupi angayankhe mosavuta. Komatu yankho linachokera kwina, ku kabuku ka masamba ochepa kamene ndinalemba ndekha ndi dzanja langa.

Tisanapite patali tisiyanitse matendawa, pakuti kuthawa kwa mkodzo kuli ndi mitundu yake, ndipo mankhwala a mtundu wina sagwira pa unzake. Pali mayi amene amadontha akatsokomola, akayetsemula, akaseka kwambiri kapena akamasenza ndowa. Ameneyu minofu ya pansi pa chiuno inafooka, kawirikawiri chifukwa cha uchembere, ndipo chithandizo chake choyamba ndi kuilimbitsa poifinya ndi kuimasula tsiku ndi tsiku kwa miyezi yosachepera 3, monga anaphunzitsira dokotala wa ku America, Arnold Kegel, mu 1948. Pali wina amene mkodzo umangotuluka usana ndi usiku osalekeza chiberekereni mwana movutikira. Ameneyo ali ndi chiboo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera, matenda aja a fistula, ndipo chiboocho chimasokedwa. Ku Bwaila mu mzinda wa Lilongwe kuli malo osokera amayi otere. Palinso likodzo, matenda a shuga ndi tizilombo ta m'njira ya mkodzo, zimene zimakodzetsa munthu pafupipafupi, ndipo chilichonse mwa izi chili ndi mankhwala ake. Magetsi amene ndikambe pano sasoka chiboo, salimbitsa minofu yofooka, ndiponso sapha tizilombo.

Anga anali a mtundu wina. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga pafupifupi theka la lita, ndipo chimadikira mwaulemu mpaka mwini wake atapeza malo. Changa chinataya ulemu umenewo. Mukangokhala timadzi tochepa, icho chinkafinya mwadzidzidzi, ndipo kuchokera pamene ndamva kufika pamene chitenje chanyowa panalibe nthawi ngakhale yotembenuzira kiyi pachitseko. Kungomva madzi akutuluka pampopi, basi zatheka. Anamwino anandiphunzitsa kuchizoloweza kudikira, kuonjezera mphindi pang'onopang'ono kwa masabata 6, ndipo ndinachepetsa tiyi ndi khofi. Kenaka anandipatsa mapiritsi otchedwa oxybutynin, amene anandiumitsa kukamwa gwa ngati ndadya nthochi yosapsa, ndi kundidzimbitsa m'mimba. Ena otchedwa mirabegron anandikweza magazi, ine wodwala kale kuthamanga kwa magazi. Zonsezi zitakanika, m'pamene anatchula za magetsi.

Chikhodzodzo sichidzilamulira chokha. Chimalankhulana ndi ubongo kudzera m'mitsempha, osati ya magazi ayi, koma ija yonyamula uthenga, imene imatulukira m'mabowo a fupa lotambalala la kumapeto kwa msana. Mabowowo alipo 4 mbali iliyonse. Mwa mayi wodwala ngati ine uthengawo umasokonekera, chikhodzodzo chimakuwa kuti chadzaza pamene chisanadzaze. Madokotala awiri a ku San Francisco, Emil Tanagho ndi Richard Schmidt, pa ntchito yawo ya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, anapeza kuti kawaya kakaikidwa pafupi ndi mtsempha wa pa bowo lachitatu n'kumapereka kamphamvu kochepa ka magetsi, kukuwa kuja kumazizira. Kachipangizo koyamba, kotchedwa InterStim, kanaloledwa ku Ulaya mu 1994 ndipo ku America mu 1997. Ndi kabatire kosaposa bokosi la machesi, kamene amakakwirira pansi pa khungu kumtunda kwa thako. Mabatire akale ankatha mphamvu pakapita zaka pafupifupi 5, ndipo pankafunika opaleshoni ina yosinthira. M'zaka zaposachedwapa kwabwera ena otchajidwa kudzera pakhungu, amene anapangidwa kuti akhale zaka 15.

Dokotala wanga anali mayi wa msinkhu wa mwana wanga wachisamba. Nditamufunsa funso langa lija anaika cholembera pansi nati, "Mayi, ndingathe kukuuzani za amayi 100 pamodzi, koma za inu panokha sindingathe." Mawuwa anandiwawa, pakuti ndinali nditatopa ndipo ndinkafuna munthu wondilonjeza. Koma lero ndimamulemekeza chifukwa cha mawu omwewo. Madokotala saombeza ula, ndipo amene angakulonjezeni kuti mudzachira ndithu asanakuyeseni, mumuyang'ane kawiri.

Zizindikiro zilipo, koma n'zofooka. Mu 2005 dokotala Cindy Amundsen ndi anzake a ku Duke University ku America analemba kuti amayi opitirira zaka 55, ndiponso amene ali ndi matenda ena okhalitsa atatu kapena kuposerapo, sachira kwathunthu kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo. Ine ndinali ndi zaka 57, ndi matenda awiri, kuthamanga kwa magazi ndi nyamakazi ya m'maondo. Ndinawerenga zala pomwepo: pa msinkhu ndagwa, pa matenda ndapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Dokotala anaseka, nandiuza kuti amayi ambiri achikulire kuposa ine amathandizika ndithu, ndipo msinkhu pawokha si chifukwa chomanira munthu mwayi woyesedwa.

Pali muyeso wina umene ndinaupirira ndi manyazi aakulu. Amalowetsa kachubu m'njira ya mkodzo, nadzaza chikhodzodzo ndi madzi pang'onopang'ono, makina akulemba mmene chikufinyira. Muyesowu umathandiza kudziwa mtundu wa matenda, ndipo pa ntchito imeneyo ndi wofunika. Koma pa funso langa unali chete. Ofufuza aona mobwerezabwereza kuti kaya makinawo agwire kufinya kwadzidzidzi kuja kaya asakugwire, zimenezo sizinena ngati magetsi adzathandiza. Gulu limene madokotala amalinena molimbako mtima ndi la atsikana ndi amayi aang'ono amene vuto lawo ndi lotembenuka: mkodzo umakana kutuluka chifukwa mnofu wotseka njira sumasuka, matenda amene anawalongosola dokotala Clare Fowler wa ku London m'zaka za m'ma 1980. Ambiri a iwo magetsi amawayanja. N'zodabwitsatu kuti kawaya komweko kamene kamagwira mkodzo wothawa kamatsegulanso mkodzo wokana kutuluka.

Popeza msinkhu sunena ndipo makina sanena, madokotala anapeza nzeru ya mayi wogula nsalu, amene amayamba wanyowetsa kansonga kuti aone ngati isuluka. Asanakwirire kabatire, amayamba ayesa kwa masiku angapo. Ndipo chimene chimaweruza mayesowo ndi kabuku kaja.

Kabukuka amakalemba masiku osachepera 3 mayeso asanayambe. Ulendo uliwonse wa kuchimbudzi umalemba nthawi yake, ndi kuchuluka kwa mkodzo poyeza m'kajagi kokhala ndi manambala. Umalemba chimene wamwa, umalemba nthawi iliyonse imene wanyowa, ndi matewera amene wasintha. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe namwino angakulembere zimenezi, pakuti usiku wa pakati uli wekha ndi kajagi kako. Kanga kanaonetsa maulendo 16 pa usana ndi usiku, 4 mwa iwo a usiku, ndi kunyowa ka 6 pa tsiku. Mkodzo wake nthawi zambiri sunkakwana ngakhale theka la kapu. Nditaona manambalawa atandandalika pa pepala ndinakhala phee kwa nthawi yaitali. Zaka 8 ndinkadziwa kuti ndikudwala, koma ndinali ndisanawaonepo matenda anga maso ndi maso.

Namwino amene anandipatsa kabukuka anandichenjeza chinthu chimene ndifuna ndikupatsireni monga anachinenera. Ife amayi dzanja lathu limafuna kuchepetsa. Amene amanyowa ka 6 amafuna kulemba ka 3, kuti namwino asamuone ngati mwana. Tsono taonani chimene chimachitika. Lamulo la mayeso ndi lakuti vuto lichepe ndi theka kapena kuposa pamenepo. Ngati mayiyu pa masiku a mayeso anyowa kawiri kokha, ndiye kuti magetsi amuthandiza kwambiri, kuchoka pa 6 kufika pa 2. Koma pa pepala padzaoneka kuti wachoka pa 3 kufika pa 2, theka silinakwane, ndipo adzamuchotsa kawaya n'kumubweza kunyumba. Manyazi a tsiku limodzi adzamulanda chithandizo cha zaka zambiri. Palinso msampha wina wa mbali inayo. Mayi wofunitsitsa kuchira amatha kubisa kunyowa kwa pa masiku a mayeso kuti apambane, ndipo mapeto ake amamukwirira chitsulo m'thupi chimene sichikumuthandiza.

Mayeso ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi ya kawaya kopyapyala kamene amakalowetsa munthu ali maso, nakamata ndi pulasitala kwa sabata imodzi kapena kucheperapo. Njirayi ndi yopepuka, koma kawayako kamasuntha msanga munthu akamawerama, kotero mayi angaoneke ngati walephera pamene vuto linali la kawaya. Yachiwiri, imene inayamba cha m'ma 2002, ndi yoika kawaya kenikeni kokhala ndi timinga tokagwiriza m'mnofu, ndipo batire limakhala kunja pa lamba kwa masabata 2 mpaka 4. Amayi ambiri amapambana pa njira yachiwiriyi kusiyana ndi yoyamba, ndipo ena olephera yoyamba amapatsidwa yachiwiri.

Ine anandichita yachiwiri, mu 2022. Ndinagona chafufumimba, atandibaya mankhwala a dzanzi kumsana. Atalumikiza magetsi ndinamva kunyerenyesa kumusi, ndipo chala changa chachikulu cha kuphazi chinawerama chokha, ine osachituma. M'chipindamo munamveka chisangalalo, pakuti kuwerama kwa chala ndi kukokeka kwa minofu ya kumusi ndi umboni wakuti kawaya kafika pa mtsempha woyenera. Ndinafunsa ndili chigonere ngati ndiye kuti ndachira. Anati ayi, chalacho changonena kuti tagogoda pa khomo loyenera. Ngati eni nyumba atsegule, tidzamva kwa kabuku.

Masabata atatu otsatira sindinaloledwe kunyowetsa bala, kuwerama kwambiri kapena kunyamula zolemera. Kumsana dzanja langa silifika bwino, kotero ntchito yoyang'anira pulasitala ndi kundipukuta ndi kansalu inagwera bambo a m'nyumba. Ndinayamba kuwalongosolera mozungulira, monga timachitira, koma anandidula pakamwa nati, "Amake mwana, kodi mumayesa sindinkamva mukamadzuka kanayi usiku uliwonse? Ndinkangoopa kukuchititsani manyazi." Tinakhala zaka 8 pa bedi limodzi, wina akubisa, wina akunamizira tulo.

Sabata yoyamba sipanasinthe zambiri, ndipo mtima unayamba kugwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'sabata yachiwiri ndinadzidzimuka m'mawa wina kunja kutayera, nditadzuka kamodzi kokha. Pofika kumapeto kabuku kanaonetsa kunyowa kawiri pa tsiku, masiku ena kamodzi, ndipo maulendo anatsika kufika pa 10. Theka linakwana, ndipo anandikwirira kabatire.

Koma pa nkhani ya theka imeneyi ndili ndi mawu. Theka ndi muyeso wa madokotala, ndipo ndi wabwino pa ntchito yawo, koma si muyeso wa moyo wa mayi. Amene ankanyowa ka 10 akafika pa 5, m'mabuku a chipatala amalembedwa kuti wapambana, chonsecho akuvalabe thewera ndipo akukhalabe pafupi ndi khomo. Ine ndiona kuti mayi aliyense, asanayambe chithandizo chilichonse, adziikire muyeso wakewake ndipo aunene kwa dokotala momveka. Wanga unali pawiri: kukhala m'basi kuchokera ku Lilongwe mpaka kwathu ku Kasungu osapempha dalaivala kuti aime, ndi kugona pasiwa pamodzi ndi amayi anzanga. Mu 2023, pa maliro a achemwali anga aakulu, zonse ziwiri zinatheka. Ndinavalabe kansalu kodzitetezera, ndipo mpaka lero sindiyenda wopanda ako, koma ndinagona pakati pa abale anga mpaka tambala.

Pa benchi yodikirira ndinazolowerana ndi mayi wina wa zaka za m'ma 30, wathanzi, wopanda matenda ena alionse. Pa zizindikiro zonse iye ndiye anayenera kupambana, ine n'kulephera. Chala chake chinawerama monga changa. Koma kabuku kake ka masabata atatu kanafanana ndi koyamba mzere ndi mzere, ndipo anamuchotsa kawaya. Analira, inenso ndinalira naye. Chikhalirecho mayesowo anamuchitira chifundo, pakuti anamupulumutsa ku opaleshoni yopanda phindu, ndipo anamusamutsira ku chithandizo china.

Chithandizo chinacho ndi jakisoni wa Botox wobaya m'chikhodzodzo momwemo kuti chileke kufinya mwaphuma. Mu 2016 ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa ROSETTA, woyerekeza njira ziwirizi pa amayi oposa 350. Patatha miyezi 6, a jakisoni anachepetsa kunyowa pang'ono kuposa a magetsi, koma 35 mwa 100 alionse anadwala tizilombo ta m'njira ya mkodzo, pamene kwa a magetsi anali 11, ndipo ena a jakisoni anafunika kudzitulutsa mkodzo ndi kachubu kwa kanthawi. Walira mvula walira matope. Patatha zaka 2, njira ziwirizi zinapezeka zofanana mphamvu. Jakisoniyo amatha mphamvu pakapita miyezi, ndipo amabwerezedwa.

Palinso njira yopanda mpeni. Mtsempha umene umadutsa kuseri kwa kakolo umachokera ku mizu yomweyo ya kumsana, kotero amabaya kasingano pamwamba pa kakolo n'kupereka magetsi kwa mphindi 30, kamodzi pa sabata, masabata 12. Pa kafukufuku wa mu 2010 wa anthu 220, oposa theka la amene analandira magetsi enieni ananena kuti apezako bwino. Koma chimene chinandigwira mtima n'chakuti 21 mwa 100 alionse amene anangonamiziridwa, osalandira chithandizo chenicheni, nawonso ananena kuti apezako bwino. Chiyembekezo chimanyenga mtima, n'chifukwa chake madokotala amafuna manambala olembedwa tsiku lomwelo, osati zokumbukira. Njira yofanana ndi imeneyi, yomata pakhungu popanda singano, anaiyesa pa nkhalamba zoposa 400 m'nyumba zosungira okalamba za ku England ndi Scotland, ndipo zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti sinathandize. Ine wogwira ntchito m'nyumba zoterezi sindinadabwe. Agogo amene miyendo inaleka kuyenda, kapena amene anaiwala kumene kuli chimbudzi, vuto lawo silili m'chikhodzodzo mokha.

Kupambana mayeso sikutanthauza kuti nkhani yatha. Kawaya kangathe kusuntha, pa bala pangathe kupweteka kapena kulowa tizilombo, ndipo alipo amayi amene patapita zaka mphamvu yake imachepa mpaka kachipangizo kamachotsedwa. Mayi akaima, amalangizidwa kukazimitsa kufikira atachira. Kanga kanayamba kufooka patatha chaka ndi theka. Ndinalembanso kabuku masiku 3, ndipo namwino atakaona anasintha kayendedwe ka magetsi pa kamakina kake, zinthu n'kubwerera m'malo. Ndimapita kukaonedwa kamodzi pa chaka.

Kabatire kali kutali ndi ambiri a inu, koma kabuku kali pafupi, ndipo kamagwira ntchito pa matenda a chikhodzodzo a mtundu uliwonse, ngakhale pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Mayi wongonena kuti "ndikumakodza pafupipafupi" kawirikawiri amabwerera ndi mapiritsi a tizilombo, pamene wonena kuti amapita ka 16, usiku ka 4, ndipo amanyowa asanafike osati akatsokomola, wamuonetsa kale dokotala njira. Dulani kukamwa botolo la madzi la theka la lita, likhale kajagi kanu. Ng'ambani masamba atatu m'kope la mwana, tsiku lililonse tsamba lake. Ngati mwaona magazi mu mkodzo, kapena mukumva kuwotcha, kapena mkodzo ukungotuluka osalekeza, musadikire masiku atatuwo, pitani lero lomwe.

Kwa amayi amene cholembera chimawavuta, zitini ziwiri zikwanira, china cha usana china cha usiku. Ponyani nyemba imodzi pa ulendo uliwonse wa kuchimbudzi, ndi njere ya chimanga nthawi iliyonse imene mwanyowa. Kukacha mangani za tsikulo pa kansalu kakekake, za usana mfundo yake, za usiku mfundo yake, ndipo likatha tsiku lachitatu mupite nato tinsalu tonse titatu kuchipatala.